Wobwezeretsa dambo asayendetsedwe ngati womanga damu

Ine ndikuvomereza maganizo akuti malamulo a zilolezo zogwirira ntchito m'madambo afewetsedwe, chifukwa masiku ano munthu wofuna kubwezeretsa dambo akupatsidwa mafomu omwewo amene akupatsidwa wofuna kuliphwetsa, ndipo amene akuyamba kutopa ndi wobwezeretsayo. Kwathu ku Zomba kuli dambo limene madzi ake amatsikira mu mtsinje wa Likangala n'kukathera m'nyanja ya Chilwa. Ngalande imene anthu adakumbamo kalekale kuti alime idasanduka chigwembe, choncho komiti yathu ya m'mudzi inagwirizana zochitseka ndi miyala ndi zikhomo, kenako kubzala vetiva ndi bango m'mbali.

Popeza ntchitoyo imakhudza kayendedwe ka madzi, tinauzidwa kuti tipeze kaye chilolezo. Mkulu wina wa ku ofesi imene tinapita anatiuza kuti tilembe ntchito katswiri woti alembe lipoti la mmene ntchitoyo ingakhudzire chilengedwe, ndipo mtengo umene katswiriyo anatchula unaposa ndalama zonse zimene tinasonkha. Titadandaula, anati abwera kudzaona yekha tikamupezera mafuta a galimoto ndi alawansi. Tinapereka, koma sanabwere, ndipo pambuyo pake anatiuza mosachita manyazi kuti fayilo yathu sikuoneka. Nthawi yonseyo malole ankatuta mchenga kumunsi kwa dambo lomwelo masanasana popanda wowafunsa pepala.

Namondwe wa Freddy atafika mu Marichi 2023, miyala yathu inali idakali mulu pamtunda, vetiva atauma kale m'matumba. Mvula itakata tinapeza chigwembe chija, chimene ana ankachidumpha popita kusukulu, chitakula moti munthu wamkulu akaimamo saoneka. Madimba a amayi anakwiririka ndi mchenga, chitsime cha mudzi chinadzaza matope ofiira, ndipo njedza zinazulidwa ndi mizu yomwe. Mayi wina wachikulire amene adasenza nawo miyala ija anandifunsa pamaso pa amfumu kuti, "Alembi, mapepala anu aja atseka pati?" Sindikunena kuti miyala yathu ikanaletsa Freddy, koma dothi lonse lija linapita ku Chilwa, nyanja yosaya komanso yopanda potulukira madzi, imene idauma mu 1968 ndi mu 1995, n'kuphwanso kwambiri mu 2018. Dziko lathu lidaiika pa mndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika kwambiri pa dziko lonse lapansi, mu 1996 polonjeza kuiteteza, koma mkulu uja sanaone kuti ife tinkagwira ntchito ya lonjezo lomwelo.

Ngakhale zili choncho, abale anga, musaike mwala ngakhale umodzi musanagwire chilolezo m'manja, chifukwa lamulo la madzi la 2013 ndi la zachilengedwe la 2017 akugwira ntchito, ndipo wakumunsi akadzadandaula kuti mwamutsekera madzi, mudzasowa pogwira. Ndikuopanso kuti akafewetsa malamulowo kwambiri, ochenjera adzakumba ngalande za mpunga n'kumati akubwezeretsa dambo, choncho wina azibwerabe kudzaona malowo ndi maso. Tengani kalata ya amfumu, dutsani ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) ndi ya dera (ADC), yambani mapepala mvula ikangotha mu Epulo, ndipo chikalata chilichonse chimene mwapereka muzisunga kope lake lodindidwa.