Hanukkah si Khirisimasi ya Ayuda

Bambo amene mwafunsa ngati Hanukkah, chikondwerero cha masiku 8 chimene Ayuda amayatsa nyale, ndi Khirisimasi ya Ayuda, poona kuti zonse zimachitika cha mu Disembala ndipo ana amalandira mphatso, yankho ndi lakuti ayi, ngakhale kuti kusokonezekako n'komveka, chifukwa tanthauzo la chikondwererochi lakhala likusintha malinga ndi zimene Ayuda akukumana nazo.

Chiyambi chake ndi nkhondo. M'chaka cha 167 Khristu asanabadwe, mfumu Antiochus IV inaletsa miyambo ya Chiyuda ndi kuipitsa Kachisi wa ku Yerusalemu, koma mu 164 Judah Maccabee ndi ankhondo ake a Chiyuda, otchedwa Amakabeo, analanda Kachisiyo n'kumupatuliranso Mulungu. Buku lachiwiri la Amakabeo limafotokoza kuti anasangalala masiku 8 potengera chikondwerero cha Misasa, chimene anali atalephera kuchita pamene ankabisala m'mapiri ndi m'mapanga. Za nkhani yotchuka ya mafuta amene anayaka mozizwitsa m'Kachisimo bukuli silinena kanthu. Ndi chikondwerero chomwechi cha kupatuliranso Kachisi chimene Yohane 10:22 akutchula, Yesu akuyenda m'khonde la Solomoni.

Nkhani ya mafuta inatchuka patapita zaka mazana angapo kudzera mu Talmud ya ku Babulo, mabuku a ziphunzitso za Chiyuda, imene imati m'Kachisimo munapezeka kamtsuko kamodzi kokha kokhala ndi chidindo cha mkulu wa ansembe, ndipo mafuta ake, okwanira tsiku limodzi, anayaka masiku 8. Ine ndimaona kuti aphunzitsi a chipembedzo cha Chiyuda, ataona Aroma akugumula Kachisi m'chaka cha 70 Khristu atabadwa ndi kugonjetsa Bar Kokhba, mtsogoleri wa Ayuda oukira Aroma, mu 135, analibe chifukwa chotamandira lupanga, ndipo n'kutheka kuti n'chifukwa chake pa Sabata la Hanukkah pamawerengedwa Zekariya 4:6, pamene akuti si ndi nkhondo kapena mphamvu, koma ndi mzimu wa Mulungu.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, Ayuda ofuna kukhala ndi dziko lawolawo anadzutsanso mbiri ya Amakabeo monga ngwazi za fuko, ndipo dzinali lilipobe pa matimu a mpira monga Maccabi Haifa ya ku Israel. Mphatso zimene mwatchula zinakula makamaka ku America, kumene makolo sankafuna kuti ana awo azingoyang'ana anzawo akulandira za Khirisimasi, mpaka chikondwerero chimene m'chipembedzo chimaposedwa ndi Pasika ndi Yom Kippur (Tsiku la Chitetezo) chinayamba kuoneka ngati chachikulu, moti mu 1979 Pulezidenti Jimmy Carter anakayatsa nawo nyale za Hanukkah pafupi ndi White House.