Ku Okinoshima simungafikeko, pitani ku Oshima

Achemwali, mwafunsa njira yofikira pa chilumba cha Okinoshima poti mukhala ku Fukuoka, m'dziko la Japan, mpaka mwezi wa Okutobala. Ndikuuzeni mosabisa kuti palibe boti limene lingakutsitseni kumeneko. Chilumbachi chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kuchokera ku gombe la Kyushu, chilumba chachikulu chomwe pali Fukuoka, ndipo chonsecho ndi malo opatulika a kachisi wa chipembedzo cha Chishinto wotchedwa Munakata Taisha. Akazi saloledwa kupondapo kuyambira kalekale, ndipo kuyambira mu 2018 ngakhale amuna wamba, amene ankaloledwa okwana 200 kamodzi pa chaka, analetsedwa. Pamakhala wansembe mmodzi yekha, wosinthana ndi anzake masiku 10 aliwonse, amene amayamba wasamba m'nyanja asanakwere kumtunda.

Musagwe nazo mphwayi, chifukwa eni dera nawonso amapembedza ali patali. Kwerani sitima ya pamtunda pa siteshoni ya Hakata mumzinda wa Fukuoka mukatsikire pa Togo, kenako basi yopita ku doko la Konominato, komwe boti lalikulu limatenga mphindi pafupifupi 25 kukafika pa chilumba cha Oshima. Pafupi ndi doko mupeza kachisi wa Nakatsu-miya, koma kumene ndikukulimbikitsani kwenikweni ndi kumpoto kwa chilumbacho, ku Okitsu-miya Yohaisho, kanyumba kamatabwa koyang'ana kunyanja komwe anamangira anthu osatha kuwoloka. Ine ndinafikako m'mawa kunja kutayera, mphepo ikuwomba mpaka misozi kulengeza, ndipo ndinaima nthawi ndithu ndisanazindikire kuti kachidutswa kakuda komwe kanali pamene nyanja ikumana ndi thambo ndiko kanali Okinoshima. Bambo wina wachikulire anawerama kawiri, n'kuwomba m'manja kawiri, n'kuweramanso kamodzi, osalankhula kanthu. Kukachita nkhungu simuona chilichonse, choncho sankhani tsiku mutaona kaye zanyengo, makamaka mu Ogasiti ndi Seputembala pamene namondwe amaimitsa maboti.

Pa chipata chotchedwa torii muwerame pang'ono, muyende m'mbali mwa njira osati pakati, ndipo musambe m'manja pamalo amene aikapo madzi. Ngati chikhulupiriro chanu sichikulolani kuwerama, kungoima mwakachetechete n'kokwanira.

Pobwerera mupatukire ku Hetsu-miya, kachisi wa kumtunda ku Kyushu, mukalowe m'nyumba yosungiramo zakale ya Shinpokan. Mmenemo amaonetsa zina mwa zinthu pafupifupi 80,000 zimene zinafukulidwa ku Okinoshima, monga magalasi amkuwa odziyang'anira ndi mphete yagolide, zomwe anthu ankapereka nsembe kuyambira zaka za m'ma 300 mpaka m'ma 800 popempha ulendo wabwino wopita ku Korea ndi ku China. Zimenezi n'zimene zinathandiza kuti bungwe la UNESCO liike malowa pa mndandanda wake wa malo a chikhalidwe ofunika pa dziko lonse mu 2017. Ndipo ngati mudzakhale musananyamuke pa 1 Okutobala, mudzalawirire ku Konominato kukaona mwambo wa Miare, pamene maboti a asodzi ambirimbiri okongoletsedwa ndi mbendera amaperekeza milungu kuchokera ku Oshima.