Kwa achemwali amene mphaka wawo ubweya wamangana

Achemwali, mwafunsa ngati mungamusambitse mphaka wanu wa ubweya wautali uja, wa mtundu wa Persian, kenako n'kudula ndi sizasi ubweya umene wamangana kumimba, ndipo mwati m'nyumbamo mulinso agalu awiri ndi mphaka wina. Zonse ziwiri chonde musachite. Mfundo za ubweya zikanyowa n'kuuma zimathina kuposa kale. Sizasi ndiye yoopsa zedi, chifukwa khungu la mphaka ndi lopyapyala ndipo limakokekera m'kati mwa mfundoyo, moti munthu amaona ngati akudula ubweya pomwe akudula mnofu. Ngati mfundozo ndi zikuluzikulu, zolimba ngati chiguduli, pitani naye kwa dokotala wa ziweto akamumete ndi mashini. Ubweya umeranso. Pansi pa mfundo zotere pamabisala zilonda, ndiye ndi bwino dokotalayo aone ndi maso ake.

Zing'onozing'ono mungathane nazo nokha. Pezani chipeso chachitsulo cha mano otalikirana, popeza burashi imangosalaza pamwamba, pansi ubweya ukumanganabe. Gwirani mfundoyo patsinde ndi zala ziwiri, pafupi ndi khungu, kuti isamukoke, kenako yambani kumasula kunsonga n'kumatsika pang'onopang'ono. Malo ovuta ndi omwewo nthawi zonse: kuseri kwa makutu, m'khwapa, pansi pa kolala ndi kumbuyo kwa ntchafu. Persian amafunika kupesedwa tsiku lililonse, mphindi zochepa chabe, makamaka akakhuta ndipo akusinza. Mukaona mchira wayamba kumenya pansi, makutu agonera m'mbuyo, musiyeni mudzapitirize mawa. Mukamukakamiza, azithawa akangoona chipeso.

Koma chimene chandigwira mtima pa funso lanu ndi agaluwo. Mphaka amadzinyambita akakhala pamtendere. Amene tsiku lonse maso ali pa galu sagona chagada n'kumasamala kumimba kwake, n'chifukwa chake ubweya umayamba kumangana komweko. Mumupezere malo okwera, kaya pamwamba pa kabati kapena shelefu, kumene galu sangafike, ndipo pomupesa tsekani chitseko mukhale awiriwiri. Mbale yake ikhalenso pamwamba. Asamadye zakudya za agalu, chifukwa sizipangidwa ndi taurine (chinthu chofunika m'thupi) wokwanira mphaka, ndipo akamusowa mtima ndi maso zimawonongeka. Mabokosi a mchenga odzithandiziramo, kwa amphaka awiri, akhale atatu ndipo m'malo osiyana, kuti wina asamatsekereze mnzake njira. Persian wanuyo akapanda kuyambiranso kudzisamala, dokotala amuone mano ndi msana, chifukwa ululu ndi kunenepa kwambiri zimamulepheretsanso kupindika.

Tsopano ichi ndiye muchimvetsetse. Mu ubweya wautali utitiri umabisala kwambiri. Mukapesa, gwedezerani chipeso pa pepala loyera lonyowa. Timadontho takuda tikasanduka tofiira, amenewo ndi magazi, utitiri ulipo. Zikatero ziweto zonse zinayi zilandire mankhwala nthawi imodzi, ndipo muchape zogonera zawo, popeza mazira amagwera pansi. Koma mankhwala a galu musamupake mphaka, ngakhale kadontho. Ambiri mwa mankhwala odonthezera pakhosi pa agalu ali ndi permethrin, mankhwala ophera tizilombo amene chiwindi cha mphaka chimalephera kumuchotsa m'thupi, ndipo amapha. Mphaka atha kudwala ngakhale chifukwa chonyambita galu wopakidwa kumene kapena kugona naye, ndiye werengani paketi musanagule. Chabwino n'kusankhira agaluwo mankhwala opanda permethrin. Ngati mwawapaka kale, apatuleni kwa masiku atatu. Mukaona mphaka akunjenjemera, akutuluka dovu kapena akudzandira, musadikire kuti kuche: thamangirani naye kwa dokotala, mutenge ndi paketi ya mankhwalawo kuti akadziwe chimene akulimbana nacho.