Kwa achimwene a Leaf yomwe ikuyatsa kamba ku Salima

Achimwene, mwati Nissan Leaf yanu ya 2013 yochokera ku Japan ikuyatsa kachizindikiro ka kamba pa dashibodi, mphamvu n'kuthera pomwepo, ndipo masiku ena m'mawa ikukana kulowa READY, chizindikiro chakuti yakonzeka kuyenda. Mukufuna galaja kuno ku Salima.  Amene akukuuzani kuti makaniko aliyense wa pa Kamuzu Road angayithe chifukwa "waya ndi waya" musawamvere. Batire yaikulu ya galimoto imeneyi imasunga ma volt pafupifupi 360, ikadzaza imayandikira 400. Amenewo ndi magetsi opha munthu nthawi yomweyo.

Yambani ndi kabatire ka 12V kali mu boneti. Makompyuta onse a galimotoyo komanso ma relay olumikiza batire yaikulu amadalira kameneka, ndiye kakafooka galimoto imakana READY n'kutulutsa ma code (manambala osonyeza vuto) ambirimbiri abodza. Pimani ndi multimeter m'mawa musanayiyatse: 12.6 ndi bwino, pansi pa 12.2 katha. Ikalowa READY muyenera kuona pakati pa 13 ndi 14.5. Mukapanda kuona zimenezo, vuto lingakhale ku DC-DC converter, yomwe imatchaja kabatireka kuchokera ku batire yaikulu, chifukwa Leaf ilibe alternator. Wogulitsa mabatire aliyense pa boma angakupimireni.

Chachiwiri, gulani nokha ka OBD2 ka Bluetooth, kachipangizo kowerenga kompyuta ya galimoto, kamakhala cha m'ma 20 kapena 30 dollars, ndipo muike app ya LeafSpy pa foni. Timotchipitsitsa tambiri sitilankhula ndi Leaf, funsani musanalipire. Mukalumikiza pansi pa chiwongolero muona SOH, imene ikuuzani moyo wotsala m'batire, muonanso ma cell, tizigawo ta m'batire, m'magulu 96 a awiriawiri, gulu lililonse ndi mphamvu yake. Yang'anani kusiyana kwa cell wapamwamba ndi wapansi. Kukakhala pansi pa 30 mV palibe nkhawa. Kukapitirira 100 mV galimoto itangoima, pali cell wofooka, ndipo ndi ameneyo amaitana kamba mukaponda pa chitunda, chifukwa kompyuta imateteza cell wofookayo ngakhale ena onse ali ndi mphamvu. Code yake nthawi zambiri ndi P33E6.

Koma kuno kunyanja ganiziraninso kutentha. Batire ya Leaf ilibe madzi oziziritsa, imangozizira yokha. Mu Okutobala ndi Novembala, mukayiimika padzuwa tsiku lonse, n'kuyitchaja mpaka 100, n'kuyithamangitsa kupita ku Senga Bay, batire imatentha ndipo kamba amabwera popanda chowonongeka. Zoipa zake n'zakuti imakalamba msanga. Tchajani usiku, pamthunzi, ndipo lekezani pa 80 ngati ulendo si wautali. Timizere 12 ta m'mbali mwa dashibodi tosonyeza moyo wa batire musatikhulupirire kwambiri: ogulitsa ena amafufuta kukumbukira kwa kompyuta ya batire kuti tionekenso tonse, n'kudzagwa pakapita masabata.

Tsopano za galaja. Dzina la pachikwangwani lilibe ntchito, onani zomwe ali nazo. Akuonetseni magolovesi a class 0 olembedwa 1000V, osang'ambika, ndi makina opimira insulation, oona ngati magetsi sakuthawira ku bodi. Afotokoze okha kuti asanagwire waya wa orenji, wa magetsi a batire yaikulu, amazimitsa galimoto, kuchotsa waya wa negative pa 12V, kuzula service plug, pulagi yodula magetsi a batire yaikulu, yomwe ili pansi pakati pa mipando ya kumbuyo ndi ya kutsogolo, kudikira mphindi 10, kenako kupima kuti magetsi atheradi. Akayamba ndi kufufuta ma code musanawajambule, tengani makiyi anu. Ma code amenewo ndiwo umboni wokhawo wa chomwe chikuchitika. Amene amakonza ma Aqua ndi Prius ali ndi poyambira chifukwa amadziwa kuopsa kwa orenji, koma batire za zimenezo zambiri ndi NiMH, ya Aqua ndi 144V yokha. Ya Leaf ndi lithium. Njira yawo ija yosintha module imodzi n'kubwezera osalinganiza mphamvu, pa Leaf imabweretsa kamba yemweyo mkati mwa sabata. Akakuuzani zosintha batire yonse, dziwani kuti yogwiritsidwapo kale imadya madola masauzande angapo, ndipo iyenera kulembetsedwa mu kompyuta ya galimoto, apo ayi P3102 ituluka, galimoto n'kumayenda mokwawa.

Chomwe chimapha ma Leaf ambiri kwathu kuno ndi potchajira. Chingwe chobwera nayo ku Japan ndi cha 200V ndipo chimakoka 15A, pomwe soketi yathu ya mano atatu ndi ya 13A pa 230V. Anthu amadula pulagi n'kuika yakuno, kapena kulumikiza pa extension ya m'sitolo, pulagi n'kusungunuka usiku. Pezani chingwe cha 230V chomwe chimalola 10A, katswiri wa magetsi akukokereni waya wakewake wa 2.5 mm kuchokera pa DB, bokosi la ma breaker la m'nyumba, wokhala ndi breaker yake, earth yeniyeni ndi surge protector. Magetsi akazima, zulani chingwe. Akamabwerera ndi pamene chaja ya mkati mwa galimoto imapsa.

Mvula ikayamba, madzi odutsa pamsewu wa M5 kupita ku Nkhotakota musawoloke nayo. Mukaona code ya P0AA6, magetsi akuthawira ku bodi ya galimoto, musaiyendetsenso. Ndipo ngati mwaganiza zopita nayo ku Lilongwe, ikwezeni pa lole. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100, wokwera, ndipo ya 24 kWh yazaka zimenezi ikhoza kukusiyani pa chitunda. Kuyikoka ndi chingwe matayala akutsogolo ali pansi kumazunguza mota n'kuwononga inverter, chipangizo chopereka magetsi ku motayo.

Tumizani chithunzi cha LeafSpy muno, tsamba la ma cell lija, pamodzi ndi zomwe multimeter yawerenga pa 12V.