Galu akathamanga, inu maso pa nkhosa

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene amagwira ntchito yosamalira okalamba kufupi ndi Carlisle, kumpoto kwa England. Mnzawo wa kuntchito, mwana wa mlimi, wawaitana kuti akaonere limodzi mpikisano wa agalu okusa nkhosa. Avomera chifukwa cha ulemu, koma mtima uli m'mwamba. Akufunsa kuti: "Kodi ndi mpikisano wa liwiro ngati wa mahatchi? Nkhosazo agalu saziluma? Nanga ine ndikatani tsiku lonse m'munda mwa eni ake, ndipo ana ndiwatenge?"

Achemwali, pitani, ndipo ana atengeni. Koma ndikuuzeni kaye chimene ine palibe anandiuza, mpaka ndinachita nacho manyazi.

Ulendo wanga woyamba unali ku kampikisano kakang'ono kumapiri a m'malire a England ndi Scotland. Galu woyamba amene ndinamuona anali moto. Anatuluka ngati muvi, nkhosa n'kubwera chothamanga, fumbi likanakhalapo bwenzi lili koboo. Mbusa wake mluzu pakamwa osapuma. Atamaliza ndinaomba m'manja mwamphamvu, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti ndikuomba ndekha. Wachiwiri anali galu wamkazi wamng'ono, woyenda monyang'ama, ndipo nkhosa zake zinkabwera pang'onopang'ono ngati azimayi ochokera kumaliro. Ndinayasamula. Mapointi atalembedwa pa bolodi, wamoto uja anali kumunsi kwenikweni, wotopetsa uja pamwamba. Mkulu wina amene anatsamira mpanda pafupi nane anandiyang'ana n'kunena kuti ndakhala ndikuonera galu, pomwe woweruza akuonera nkhosa.

Mukagwira zimenezo, tsiku lonse likomerani. Mpikisanowu umayesa ngati galu angatenge nkhosa kuchokera apo kufika apa pamzere wowongoka, mwabata, osazitopetsa. Mlimi safuna galu wothamangitsa nkhosa zabere kapena zonenepa zopita kumsika. Choncho nkhosa zikamayenda phee, mitu ili kutsogolo, osatembenukatembenuka, dziwani kuti galuyo ndi katswiri ngakhale akuoneka ngati sakuchita kanthu. Woweruza amayamba ndi mapointi odzaza n'kumachotsa pa cholakwa chilichonse: nkhosa zikapatuka pamzere, zikaphonya chipata, zikabalalika, kapena mbusa akamalamula mopyola muyeso.

Ndikamati mbusa musaganize za abusa akutchalitchi. Ndikunena mwini galu, amene amaima pamtengo wozikidwa kumayambiriro kwa bwalo, ndodo yokhota kumutu ili m'manja.

Nkhosa zimatulutsidwa kutali, kumapeto kwa munda. Pa mipikisano ikuluikulu ya dziko zimakhala 5, pa mtunda wa mayadi 400, omwe ndi mamita pafupifupi 365, kuposa mabwalo atatu a mpira ondondozana. Mbusa amatumiza galu kumanja kapena kumanzere, ndipo galuyo salunjika pa nkhosa ayi. Amathamanga mozungulira, kutali ndi izo, mpaka akatulukire kumbuyo kwake nkhosazo zisanadzidzimuke. Gawo limeneli amalitcha outrun ndipo lili ndi mapointi 20. Galu akadutsa pakati pa mbusa ndi nkhosa n'kukatulukira mbali ina, wataya mapointi ambiri, ndipo mudzamva anthu akupumira m'mwamba limodzi.

Kenaka pamabwera kanthawi kochepa kwambiri, mwina masekondi ochepa chabe, kotchedwa lift, ka mapointi 10. Apa ndi pamene galu ndi nkhosa amayamba kudziwana. Galu amaima kapena kugona kumbuyo kwake, nkhosa n'kudzutsa mitu, iye n'kuyamba kuziyandikira. Akazidzidzimutsa pamenepa sizimukhulupiriranso mpaka kumapeto. Akazinyengerera kwambiri zimamuderera. Ngati mungabwereke zoonera patali, bwerekani chifukwa cha kanthawi kameneka.

Zikanyamuka, galu amazibweretsa molunjika kwa mbusa kudzera pakati pa zipata ziwiri zoimikidwa pakati pa munda. Imeneyo ndi fetch, mapointi 20. Zikazungulira kumbuyo kwa mbusa pamayamba drive, ya mapointi 30, yomwe kwa ine ndi yodabwitsa kuposa zonse. Mwachibadwa galu wa mtundu uwu amafuna kubweretsa nkhosa kwa mbuye wake. Amadziika yekha mbali ina ya gulu moyang'anizana ndi munthu, munthu akasuntha nayenso n'kusuntha. Tsono pa drive akuuzidwa kuti azichotse kwa mbuye wake, azipititse kutali kudzera pa chipata china, azidutsitse chopingasa munda kupita pa chipata chachiwiri, kenaka azibweze. Akuchita zosemphana ndi magazi ake chifukwa chomvera. Mbali yopingasa ija ndi imene imagwetsa ambiri, chifukwa kuchokera pamtengo paja n'kovuta kuona ngati nkhosa zalunjikadi pachipata kapena zidutsa m'mphepete.

Nthawi yonseyi mbusa sachoka pamtengo. Chimene ali nacho ndi mawu ndi mluzu. Mudzamva "come bye", kutanthauza kuti galu azungulire nkhosa monga umayendera muvi wa wotchi, ndi "away to me", kuzungulira mobwerera. "Lie down" ndi kuima, ngakhale agalu ambiri sagona kwenikweni, amangoima njo. "Walk on" ndi kuyandikira nkhosa, "that'll do" ndiye kuti ntchito yatha, bwerera. Galu akakhala kutali mawu safika, ndiye amagwiritsa mluzu, ena ndi zala, ena ndi kawezulo kaphanthiphanthi kolowetsa m'kamwa. Lamulo lililonse lili ndi kamvekedwe kake, ndipo kuliza mofupika kapena motalika kumauza galu kuti asunthe pang'ono kapena kwambiri. Taganizaninso izi: pa mamita 365, mluzu umatenga pafupifupi sekondi yathunthu kuti ufike m'khutu mwa galu. Mbusa amayenera kulamula za pamene nkhosa zikhale, osati pamene zili.

Ife amene tinakula tikuthamangitsa mbuzi m'minda ya anthu ndi miyala ndi kukuwa, chimatizunguza mutu ndi chakuti galuyu sauwa. Chida chake ndi maso. Amatsitsa mutu, mapewa pansi, mchira pansi, maso tong'o pa nkhosa, ndendende chilombo chowenderera nyama. Nkhosa zimaona mdani, n'kuunjikana pamodzi monga mwa chibadwa chawo, n'kumasuntha momutalikira. Luso lonse lagona pa kuyandikira mokwanira kuti zisunthe, koma osati mpaka zithawe. Agalu amenewa ndi a mtundu wa Border Collie, ndipo ambiri mwa iwo mzere wawo umakafika kwa galu mmodzi, Old Hemp, wobadwa mu 1893 kwa Adam Telfer wa ku Northumberland, kufupi ndi kwanuko. Ankadziwika ndi kugwira ntchito mwakachetechete chomwechi. Mpikisano umene umawerengedwa kuti ndi woyamba ku Britain unachitikira ku Bala, ku Wales, mu 1873, ndipo anapambana ndi munthu wa ku Scotland ndi galu wake Tweed. Bungwe loyang'anira masewerawa ndi kaundula wa agaluwa, International Sheep Dog Society, linayamba mu 1906 ku Haddington, ku Scotland. Galu wonyang'ama amene mudzamuone pa chizindikiro chake ndi Wiston Cap, amene anapambana mpikisano waukulu wa bungweli mu 1965.

Tsopano gawo limene ana anu adzalikonde, chifukwa limachitikira pafupi ndi oonera. Nkhosa zikalowa m'bwalo lozungulira lolembedwa pa udzu, mbusa amaloledwa kuchoka pamtengo. Ntchito yake ndi kupatula nkhosa zina pagulu, zimene amati shed. Nkhosa sizifuna kusiyana ngakhale pang'ono, ndiye munthu ndi galu amaima mbali ziwiri n'kumazisendeza mpaka zitandandalike pamzere. Pakangooneka kampata, mbusa amaitana, galu n'kulowa pakampatapo ngati mphezi, n'kutembenukira zimene wapatulazo kuti zisabwerere kwa anzawo.

Kenaka khola. Ndi kakhola kakang'ono koima pakati pa udzu, kopanda mpanda wotsogolera nkhosa kukhomo. Mbusa amatsegula chitseko n'kugwira chingwe chomangidwa kunsonga kwake, ndipo saloledwa kuchisiya kapena kukankha nkhosa. Tsiku lija ndinaona nkhosa zinayi zitalowetsa kale mitu, yachisanu, yaikazi yokalamba ya nkhope yakuda, n'kutembenuka. Inayang'ana galu m'maso n'kuponda pansi ndi mwendo wakutsogolo, kawiri. Galu anali chigonere mamita awiri kuchokera pamenepo, chibwano chili pa udzu. Mbusa atatambasula dzanja lina pa chingwe, lina pa ndodo, osaphethira. Munda wonse zii, kumangomveka mphepo. Galu anasuntha phazi limodzi. Anadikira. Anasunthanso lina. Nkhosa ija inayang'ana kumanzere, inayang'ana kumanja, kenaka n'kubwerera chafutambuyo kulowa m'khola ngati kuti ndi maganizo ake. Chitseko chitatsekedwa ndi pamene anthu anaomba m'manja, ndipo ulendo uno ndinaomba nawo pa nthawi yake.

Pa funso lanu la kuluma: galu akaluma nkhosa popanda chifukwa, woweruza amamuchotsa mumpikisano nthawi yomweyo. Amati grip. Zimachitika, makamaka kwa agalu aang'ono amene mtima wawaphulika pa nkhosa yamakani, ndipo mudzaona mbusa akuitana galu wake n'kutuluka mutu uli pansi. Aliyense amapatsidwanso nthawi yake, mphindi 15 pa mipikisano ya dziko, ndipo ikatha basi, ngakhale nkhosa zili pakhomo pa khola. Abusa ena akaona kuti zasokonekera amangodzichotsa okha kuti asavutitse nkhosa ndi galu. Ameneyo musamuseke, anzake amamulemekeza. Galu akamaliza mudzamuona akukadziponya m'bafa la madzi lomwe amaika pambali, lilime lili panja, wefuwefu.

Simunandiuze kuti mukupita ku mpikisano wa msinkhu wanji. Yambiri ndi ing'onoing'ono, ya m'munda mwa mlimi, magalimoto angapo ndi tenti ya tiyi. M'nyengo yozizira kumakhala ya agalu ongoyamba kumene, yotchedwa nursery, yomwe imaseketsa kwambiri chifukwa chilichonse chitha kuchitika. M'chilimwe England, Scotland, Wales ndi Ireland amachita mpikisano wa dziko lililonse, n'kusankha agalu 15 opita ku International, mpikisano waukulu wa bungwe lija, mu September. Tsiku lomaliza la International ndi lina ndithu: nkhosa 20 m'magulu awiri, pa mtunda wa mayadi 800, mphindi 30. Galu akabweretsa gulu loyamba amauzidwa "look back", kuti alisiye, atembenuke, akafune lina limene mwina sakuliona n'komwe. Pamapeto pake amapatula nkhosa 15 n'kutsala ndi 5 zovala makolala ofiira. Mukadzamva kuti ikuchitikira kufupi, pemphani tchuthi kuntchito.

Zovala: magambutsi kapena nsapato zimene simuzimvera chisoni, jekete yamvula ngakhale kutacha bwino, ndi juzi yowonjezera, chifukwa kuima malo amodzi pamphepo ya kumapiri kumalowetsa chisanu m'mafupa. Tengani mipando yopinda, fulasiki ya tiyi ndi ndalama zapamanja, popeza pachipata pa munda si ponse pali makina a khadi. Ana muwauze zinthu zitatu asanatsike galimoto. Asaimbe mluzu, ngakhale mongosewera, chifukwa galu ali kuntchito akhoza kuumva ngati lamulo. Asathamange kapena kukuwa m'mbali mwa mpanda, nkhosa zimaona zonse. Ndipo asagwire galu wa munthu asanapemphe. Agalu amenewa si zidole, ena ndi chuma chenicheni: mu 2021 galu wina wa ku Wales dzina lake Kim anagulidwa pa £27,100. Chipata chilichonse chimene mwachipeza chotseka, tsekaninso.

Pali funso lina limene simunalilembe koma ndikuliona pakati pa mizere yanu. Inde, mwina akuda mudzakhala inu nokha ndi ana anu. Ine ndinali ndekha. Anthu adzakuyang'anani monga amayang'anira mlendo aliyense pamalo pamene onse amadziwana ndi mayina a agalu awo omwe. Alimi a kumapiriwa si olankhulalankhula, koma funsani mmodzi kuti nkhosa za lero zili bwanji, muone ngati angakusiyeni. Adzakuuzani kuti za m'mawa zinali zopepuka, zothawa ndi mthunzi womwe, kuti za masana dzuwa likatentha zimalemera, kuti za mtundu wa Swaledale sizichita ngati za Cheviot, ndiponso kuti mnzake uja wapambana chifukwa anagwera gulu labwino.

Mukafika, musakhale pakati pa anthu ambiri. Funani malo kumbuyo kwa mtengo wa mbusa, chapamtunda pang'ono ngati alipo, poti muziona mzere wochokera pa nkhosa kudzera pa zipata kufika pamtengopo. Gulani pulogalamu pachipata ngati akugulitsa, mupatse ana cholembera, aliyense azilemba mapointi ake galu akamaliza, kenaka muzikayerekeza ndi a pa bolodi. Agalu atatu oyamba mudzaphonya kutali. Pofika nthawi ya nkhomaliro, mwana wanu wamng'ono adzakhala akukukokani malaya kuti amayi, taonani, nkhosa zapatuka pamzere.