Musanatsitse Corolla yanuyo, yambani mwasuzumira kunsi kwake

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina wa ku Zomba. Akuti anakhalako ku Johannesburg zaka zingapo, ndipo kumeneko anakopeka ndi ma Citi Golf aja amene anyamata amawatsitsa mpaka kutsala pang'ono kukhula tala. Pano wagula Toyota Corolla ya 1997 ndipo akufunsa zinthu ziwiri: zitsulo zimene akuziona kuseri kwa tayala mayina ake ndi chiyani, nanga angatani kuti galimotoyo itsike. Makaniko wina wamuuza kale kuti ndi nkhani yaing'ono, kungodulako sipuling'i iliyonse ndi girayinda basi.

Achimwene, girayindayo iyambe yadikira. Tsegulani boneti mupeze kachitsulo kolembedwapo manambala a galimoto. Ngati ndi yochokera ku Japan ya injini ya 1.5, muonapo AE110. Nambala imeneyi ndi imene mudzitchula pogula zipangizo, osati kungoti "Corolla", chifukwa NZE121 imene inabwera mu 2000 kumbuyo kwake ndi kosiyana kotheratu: ili ndi chitsulo chimodzi chopingasa chogwira matayala onse awiri, pamene yanuyo tayala lililonse limayenda palokha.

Tsopano ikani jeke, muchotse tayala lakutsogolo, ndipo mutsamiritse galimoto pa chinthu cholimba. Jeke yekha musamudalire. Chitsulo chachitali choimirira, chozunguliridwa ndi sipuling'i, amakaniko amati strut, ndipo shoko ili m'kati mwakemo. Pamwamba pake pali top mount, imene manati ake mumawaona mukatsegula boneti. M'kati mwa sipuling'i, pansi pa kamphira kotchinga fumbi, muli kamphira kena kolimba kotchedwa bump stop. Kameneka kakumbukireni, tibwererako. Kunsi kuli control arm, mkono wachitsulo wogwira ku thupi la galimoto ndi mabushu (timphira tolimba ta m'malo olumikizira), ndipo kumapeto kwake kuli ball joint. Kachitsulo kochokera ku chiwongolero ndi tie rod end. Kumbuyo mupezanso strut, koma yogwiridwa ndi timikono tiwiri topingasa ndi kamodzi koloza kutsogolo.

Chimene chimanyamula kulemera kwa galimoto n'kukhazikitsa msinkhu wake ndi sipuling'i. Shoko ntchito yake ndi kuletsa kudumphadumpha. Ndiye wina akakuuzani kuti shoko zatsopano zitsitsa galimoto, dziwani kuti akungofuna ndalama zanu.

Koma nali funso langa: mukudziwa kuti galimoto yanuyo inatsika kale yokha? Yadutsa zaka 25 ikunyamula anthu ndi matumba a chimanga, ndipo sipuling'i zimatopa. Imikani pamalo osalala, muyeze kuchokera pakati pa limu kufika pamlomo wa madigadi, mbali zonse zinayi. Ngati kumanzere ndi kumanja kwasiyana ndi sentimita imodzi kapena kuposa, mwina pali sipuling'i yofooka kapena yothyoka. Kanikizani ngodya iliyonse mwamphamvu n'kusiya; ikangopitiriza kugwedezeka ngati bwato pa Chilwa, shoko inafa. Ikakhala yonyowa ndi oyilo, chimodzimodzi. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi muligwedeze, kenako m'mbali. Likamati gubudugubudu, konzani zimenezo kaye. Kutsitsa galimoto ya mabushu ong'ambika ndi kumanga nyumba pachulu cha chiswe.

Za kudula sipuling'i ndikulankhula zimene ndinaziona ndi maso angawa. Ndili mnyamata ndinalola makaniko wina kudula zanga, ndipo mmene ndinkachoka pagalajapo galimoto inkaoneka bwino zedi. Vuto ndi lakuti mapeto a sipuling'i anapangidwa kuti akhale bwinobwino m'kambale kake, ndipo yodula siikhala mofanana. Komanso imafupika moti tayala likagwera m'dzenje, sipuling'i imatsala ikulendewera n'kuchoka pamalo pake. Ine galimoto inangokhala pa bump stop uja, moti kamwala kalikonse ndinkakamva m'msana. Mapeto ake, ndikupita kumaliro kumudzi, sampu, chosungira oyilo chija cha kunsi kwa injini, inamenya mwala wa pakati pa msewu. Ndinatsika n'kuona oyilo wakuda akuyenderera m'fumbi, azakhali ali kumpando wakumbuyo atanyamula nkhata ya maluwa. Tinakafika pa lole ya eni ake. Kuwotcha sipuling'i ndi moto wa gasi kuti inyonyomale ndiye koipitsitsa, chifukwa chitsulocho chimataya kulimba kwake ndipo chimatha kuthyoka muli pa liwiro.

Njira yabwino ndi kugula sipuling'i zopangidwira kutsitsa, zolembedwa kuti ndi za AE110. Zambiri zimatsitsa ndi mamilimita 30 mpaka 40, ndipo zimakhala zolimbirako kuti galimoto isamagunde pansi. Sinthani zonse zinayi nthawi imodzi, pamodzi ndi shoko zake, chifukwa shoko yakale ikamagwira ntchito itakanikizika siichedwa kutha. Ma coilover, amene mumakweza ndi kutsitsa pozungulitsa nati, aliponso, koma otchipa amauma ngati ngolo ya ng'ombe. Pomasula strut pamafunika chopanira sipuling'i. Ndaonapo anthu akumanga ndi mawaya. Sipuling'i ikafwamphuka imaswa chibwano.

Mukatsitsa, matayala amapendekera m'kati kumtunda ndipo kuloza kwake kumasintha. Mukapanda kupita ku alignment, kokawongoletsa kaimidwe ka matayalawo, tsiku lomwelo, adyeka m'mphepete mwa m'kati pamene kunja akuoneka atsopano. Mabauti a mabushu amangidwe galimoto itaima pa matayala ake, osati ili m'mwamba, apo ayi mphira umapotoka n'kung'ambika msanga.

Ndiye mwandifunsa maganizo anga. Citi Golf munaiona ija imayenda m'misewu ya Gauteng, chigawo chimene muli Johannesburg, ndipo ngakhale kumeneko amakwera hampu chopingasa, pang'onopang'ono, mzere wa magalimoto uli pambuyo. Inu muli ndi mahampu a m'matauni mwathu, maenje a m'dzinja, ndi msewu wafumbi wopita kwanu. Ine ndikanakhala inu, ndikanalekeza pa mamilimita 30, n'kuikanso chitsulo chotchinga sampu. Mukayeza ngodya zinayi zija, nditumizireni manambalawo, tione ngati patsala chotsitsa.