Kodi wosaka mafilimu akale ndi wotola kapena wotolera?

Funso: Ndikulemba nkhani ya filimu ya mu 1914 yotchedwa A Thief Catcher, koma mawu awiri andiimitsa mutu. Kodi slapstick tinene kuti nthabwala? Nanga munthu amene amasaka ndi kusunga mafilimu akale timutchule kuti wotola?

Yankho: Zikomo bambo. Mawu akuti nthabwala musawagwiritse ntchito apa. Nthabwala zimatuluka pakamwa, pomwe filimuyi ndi yopanda mawu. Chimene chimaseketsa mmenemo ndi thupi: wina waterereka n'kugwa chagada, wina wawombana ndi chitseko, apolisi ali liwiro la mtondo wadooka. Ine ndingalembe kuti filimu yoseketsa ya chipwirikiti, kenako n'kufotokoza zochitikazo ndi mawu athu ngati khu! kapena thapsa! Chichewa chili ndi chuma chambiri pa zoterezi, ndipo zimandiwawa kuona alembi akuchisiya.

Funso lachiwirilo ndi limene landikoka mtima. Kutola ndi kupeza chinthu mwamwayi, monga ndalama pamsewu. Kutolera ndi ntchito ya dala, ya zaka, kufunafuna chimodzichimodzi mpaka shelefu kudzaza. Choncho munthu wanuyo ndi wotolera mafilimu akale.

Koma pa filimu imeneyi mawu onse awiri ali ndi malo. Inapangidwa ndi kampani ya Keystone motsogozedwa ndi Ford Sterling, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankati inatayika. Mu 2009, Paul Gierucki, katswiri wa mbiri ya mafilimu, anaigula pamalonda a katundu wakale ku Michigan, m'dziko la America, poganiza kuti ndi filimu wamba ya Keystone. Ataionera anadzidzimuka: mmodzi mwa apolisi aja anali Charlie Chaplin, katswiri wotchuka wa mafilimu oseketsa, m'chaka chake choyamba cha ntchito ya mafilimu. Amaoneka kwa mphindi zochepa chabe, koma kwa otolera mphindi zimenezo n'zamtengo wapatali, chifukwa filimuyi sinkapezeka n'komwe pamndandanda wa ntchito za Chaplin.

Ndiye lembani kuti Gierucki, wotolera mafilimu akale, anatola nkhwangwa ndi mpini womwe. Musaiwalenso kugwirizanitsa mawu: filimuyi inatayika, mafilimuwa anatayika, kanemayu anatayika.